Wodwala Nayenso Ndi Mdindo

Tiwerenge: Yohane 6:1-13 ndi Ezekieli 34:17-19



Palibe mai pakati pathu amene sadziwa benchi la pa kiliniki. Timakhalapo ndi mwana wotentha thupi kumsana, timakhalapo ndi khadi la kusikelo m'manja, timakhalaponso ife eni ake pamene tili oyembekezera kapena pamene thupi lakana ntchito. Wina akagonekedwa, amene amamanga ufa, poto ndi mphasa kupita kukadwazika ndi ife azimai. Kuno kwa Pembamoyo, ndi m'midzi yonse ya Chadiza ndi Vubwi, chipatala chimayenda ndi miyendo ya azimai.

Funso langa kwa inu lero ndi ili: pamene tili odwala kapena odwazika, kodi udindo wosamala dziko la Mulungu umayamba wapuma? Ambiri timaganiza choncho. Timati, "Ine ndabwera kudzachira. Za zinyalala, za madzi ndi za mitengo ndi za anamwino, za okolopa, za boma." Mau amenewa ndi omveka, pakuti munthu womva ululu saona patali. Koma Mau a Mulungu atiphunzitsa china. Ntchito imene Mulungu anapatsa munthu m'munda wa Edene, yolima ndi kusunga mundawo (Genesis 2:15), siithera pa chipata cha chipatala. Wodwala nayenso ndi mdindo.

Khamu la odwala ndi odwazika

Nkhani ya kudyetsa anthu 5,000 tonse tiidziwa, koma kawirikawiri timadumpha ndime 2. Yohane akutiuza kuti khamulo linatsata Yesu chifukwa linaona zimene anali kuchitira odwala. Taganizirani tsono anthu amene anakhala pa msipu tsiku limenelo. Ena anali atangochira, ena anali ndi odwala kunyumba, ena anabwera ndi mavuto ao m'thupi. Linali khamu lofanana ndi mzere wa pa kiliniki m'mawa wa Lolemba.

Ambuye anawadyetsa onse ndi mikate 5 ndi tinsomba 2 ta mnyamata mmodzi, ndipo panalibe wolipira. Atakhuta, Yesu analamula ophunzira ake kutola zotsala kuti pasaonongeke kanthu, ndipo zinadzaza mitanga 12. Nanga bwanji? Iye amene akanatha kuchulukitsanso mkate mawa lake, anasamaliranji zidutswa zogwera pansi? Anafuna kuti tidziwe kuti chinthu cholandira kwaulere sichikhala chopanda mtengo. Mphatso ndi ya Mwini wake ngakhale ili kale m'manja mwathu.

Apa ndi pamene pali vuto lathu. Kuyambira mu 2006 boma linachotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Katemera wa ana ndi waulere, maneti a udzudzu timalandira kwaulere, ma ARV ndi aulere. Ichi ndi chisomo chachikulu, ndipo amene anabereka ana zaka za m'ma 1990 akumbukira mmene zinalili kale. Koma mtima wa munthu uli ndi chizolowezi chonyoza chimene sunalipire. Tikangoti "n'zaboma," ndiye kuti tadzipatsa chilolezo chotaya. Katekisma wa Heidelberg, pofotokoza lamulo lakuti usabe pa Sabata 42, aphunzitsa kuti kumwaza ndi kuononga mphatso za Mulungu kulinso m'gulu la kuba. Tiyeni tsono tione makombo athu a kuchipatala mmodzimmodzi.

Makombo a mankhwala

Azimai achikulire, mukumbukira kolorokwini. Kale mwana akadwala malungo, mapilitsi owawa aja anali kumdzutsa m'masiku ochepa. Kenaka anayamba kulephera, chifukwa tizilombo ta malungo tinawazolowera, ndipo ana ambiri anamwalira atamwa mankhwala amene sanalinso kugwira ntchito. Nchifukwa chake kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 dziko lathu linasintha ndi kuyamba kupereka Coartem, ndipo Zambia inali m'gulu la maiko oyambirira mu Afrika kutero. Mankhwala amatha kufa, amai, monga chitsime chimaphwa.

Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Mukasiyira panjira chifukwa thupi lazizira, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala, ndipo udzudzu umatinyamula kupita nato kwa mwana wa mnansi wanu. Chimodzimodzi ndi makapisozi ndi mankhwala ena opha tizilombo. Chimfine wamba sichichira ndi makapisozi, koma timawapempha ndithu. Akatipima magazi ndi kupeza kuti tilibe malungo, timachoka tikung'ung'udza, ena mpaka kukagula mankhwala a malungo ku kantemba. Ena timakhulupirira kuti popanda jekeseni sitinathandizidwe, pamene mapilitsi akanatichiritsa bwinobwino. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti chaka chilichonse pa dziko lapansi pamabayidwa majekeseni pafupifupi 16 biliyoni. Singano iliyonse ikagwira ntchito imasanduka chinyalala choopsa chofunika kuchisunga m'bokosi ndi kuchiotcha pa moto waukulu. Jekeseni amene tampempha popanda chifukwa waonjezera mulu umenewo.

Nanga otsala timatani nao? Tsegulani chikwama chanu kapena kabati kunyumba. Mupeza timapepala ta mapilitsi a chaka chatha, ena osadziwikanso dzina. Ena timagawira anzathu monga timagawirana mchere, ena timataya kudzala kumene ana amasewera ndi nkhuku zimapalasa. Mankhwala otayidwa pansi amasungunuka ndi mvula ndi kulowa m'madzi. Njira yabwino ndi iyi: malizani amene mwapatsidwa monga mwauzidwa, ndipo otsala kapena otha nthawi muwabwezere kwa a zaumoyo kuti awaononge m'njira yake. Mlongo wathu amene amamwa ma ARV asatayenso mabotolo kutchire usiku chifukwa cha manyazi. Chigwirizano chikhale malo amene munthu angathe kumwa mankhwala ake mosabisa.

Neti ndi ya pabedi

Chigawo chathu cha Kum'mawa chimadziwa malungo. Neti yonyikidwa m'mankhwala yapulumutsa ana ambiri, ndipo ikasamalika imagwira ntchito zaka pafupifupi 3. Koma tayendani m'madimba ndi m'makhola muone kumene maneti atsopano akugona. Ena atchinga mbeu ya tomato, ena asunga anapiye, ena akokera nsomba mumtsinje ndi m'madamu.

Neti ya udzudzu ili ndi maso ang'onong'ono, kotero imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, tosayenera kugwidwa. Mankhwala ake, amene saopsa munthu wogonamo, ndi poizoni kwa nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi. Mai wokoka nsomba ndi neti wataya kawiri: usiku mwana wake alumidwa ndi udzudzu, ndipo chaka chamawa mumtsinje mulibe ndiwo. Pochapa neti, chapirani m'beseni ndi sopo wamba, madzi ake muwataye kutali ndi chitsime kapena mtsinje, ndipo muiyanike pamthunzi. Ikang'ambika isokeni, pakuti singano ndi ulusi tili nazo. Ikakalamba ndithu, ndipo mwalandira ina, musaiotche pabwalo, chifukwa utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa. Mutha kuidula ndi kutchingira mazenera kuti ipitirize ntchito yake yoletsa udzudzu.

Kuvundula madzi a anzathu

Mneneri Ezekieli akutionetsa nkhosa zonenepa zimene zikamwa madzi oyera zimavundula otsalawo ndi mapazi, kuti zofooka zimwe matope. Mulungu akuti adzaweruza pakati pa nkhosa ndi nkhosa inzake. Tisathamangire kuloza olemera okha. Aliyense amene wathandizidwa ndi kusiya uve kwa wobwera pambuyo pake wavundula madzi.

Sitinaiwale kuti mu Januwale 2023 kolera inagwa ku Vubwi, pafupi pomwe pano, nthawi imene matendawa anali atasautsanso abale athu ku Malawi ndi ku Mozambique. Kuchokera mu Okutobala chaka chomwecho mpaka mu 2024 inafalikira m'dziko muno ndi kupha anthu oposa 700. Ku Lusaka bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Kolera imayenda m'chimbudzi cha munthu chimene chafika m'madzi kapena m'chakudya. Ilibe njira ina yachinsinsi.

Tsono taonani zimene zachuluka masiku ano: matewera otaya, aja timati mapampasi. Timawaona kuseri kwa nyumba yodikirira azimai oyembekezera, m'mbali mwa mseu wochokera ku sikelo, ngakhale m'mphepete mwa mtsinje. Saola msanga, pakuti ali ndi pulasitiki. Agalu ndi nkhumba zoyendayenda zimawakokera pakhomo, ntchentche zimaterapo ndi kukatera pa nsima, mvula imatsukira zonsezo kudambo kumene timatunga. Madzi a mitsinje ya kuno sadziwa malire a dziko. Amatsikira kwa anansi athu a ku Mozambique, amene sitidzawaona nkhope koma Mulungu awadziwa maina. Thewera la nsalu limachapika ndi kugwiranso ntchito. Ngati mwagwiritsa lotaya, likwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi madzi. Musadabwe kuti nkhani yotere ikulembedwa m'magazini ya mpingo. Pa Deuteronomo 23:12-14 Mulungu mwini analamula Aisraeli kukhala ndi malo kunja kwa msasa ndi chokumbira chokwiririra, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi chakuti Iye amayenda pakati pa msasawo.

Mkati mwa chipatala namonso muli gawo lathu. A WHO akuti pa zinyalala zonse za m'chipatala, pafupifupi 85 pa 100 zilizonse ndi zinyalala wamba, monga mapepala, makoko a nthochi ndi zotsala za chakudya. Zoopsa ndi 15 zokha pa 100. Nchifukwa chake mumaona mabini osiyana mitundu: kawirikawiri lakuda ndi la zinyalala wamba, lachikasu ndi la thonje la magazi, mabandeji ndi zina zopatsira matenda. Wodwazika akaponya botolo la chakumwa m'bini lachikasu, botololo lidzaotchedwa pamodzi ndi zoopsa, ndipo pulasitiki yopsa pa moto wosakwanira imatulutsa utsi wapoizoni umene amapuma ndi odwala omwewo ndi midzi yoyandikana. Akaponya thonje la magazi m'bini lakuda, waika pangozi mai amene amasesa. Ngati simudziwa poponya, funsani anamwino. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Mtengo umene masamba ake achiritsa

M'masomphenya a Ezekieli 47:12, ndiponso pa Chivumbulutso 22:2, mtsinje wa Mulungu uli ndi mitengo m'mbali mwake, ndipo masamba ake ndi ochiritsa. M'Baibulo madzi, mtengo ndi machiritso zimayendera limodzi. Ngakhale Coartem amene tatchula uja, gawo lina la mphamvu yake linachokera ku chomera chotchedwa artemisia, chimene anthu a ku China anali kuchigwiritsa ntchito kalekale.

Ife tomwe timadziwa muwawani ndi mitengo ina imene makolo anatisiyira. Koma taonani mmene tikuichitira. Wofuna khungwa amasenda kuzungulira thunthu lonse. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa, ndipo mukadula njira imeneyo kuzungulira, mtengo umauma uli chiimire. Ndi nzeru yanji kupha sing'anga amene wakuchiritsa? Makolo anali kusenda mbali imodzi pang'ono ndi kumata dothi pabalapo, ndipo pokumba mizu anali kusiya ina ndi kukwirira. Ndikuchenjezeninso kuti ngati mukumwa mankhwala a zitsamba, muwauze a chipatala, pakuti ena amalimbana ndi mankhwala a kuchipatala, makamaka kwa oyembekezera ndi kwa omwa ma ARV.

Palinso nkhuni. Pa malo ophikira odwazika mumapeza mafuwa ambiri, aliyense ndi moto wake, ndipo mitengo yozungulira chipatala imatha chaka ndi chaka. Azimai 4 akasonkha moto umodzi ndi kuphika mosinthana, kapena akagwiritsa mbaula ya dothi yosunga nkhuni, mtolo umodzi umakhalitsa ndipo utsi umachepa. Utsi wa m'khichini ndi umodzi mwa magwero a chibayo mwa ana ndi chifuwa chosatha mwa ife azimai.

Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mu 2024 tinachiona. Mvula inadula, chimanga chinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Pamenepo tinazindikira kuti chipatala nachonso chimadalira mvula. Katemera amafunika kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo firiji ikazima nthawi yaitali amaonongeka. Mzamba afuna nyale usiku ndi madzi osamba m'manja. Kumene kuli magetsi a dzuwa, tiwalemekeze. Kulumikiza mafoni athu pa batire la chipatala mobisa, kapena kusiya mpopi ukutayika titatha kuchapa, ndi kulanda kuunika kwa mai amene adzabereka usiku womwewo.

Zimene sindikunena

Pano ndifuna mundimve bwino. Sindikunena kuti mukhale kunyumba ndi matenda pofuna kusunga mankhwala. Pitani msanga, pakuti matenda ogwidwa koyambirira amadya mankhwala ochepa, ndalama zochepa ndi maulendo ochepa. Sindikunenanso kuti zonse zotayidwa kuchipatala ndi kuononga. Singano iyenera kubaya munthu mmodzi kamodzi kokha ndi kutayidwa, magulovu ayenera kusinthidwa, ndipo pa zimenezi palibe kunyengerera. Moyo wa munthu, wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu, uli patsogolo. Adokotala akaona kuti mufunika jekeseni, landirani ndi kuyamika.

Sindikusenzetsanso mai wa kumudzi mlandu wonse wa kusintha kwa nyengo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti ntchito za umoyo pa dziko lonse zimatulutsa pafupifupi 4.4 pa 100 ya mpweya wotenthetsa dziko, ndipo woposa theka la mpweya umenewo umachokera ku United States, China ndi maiko a European Union. Kiliniki yathu ya kuno gawo lake ndi laling'ono kwambiri, koma chilala chimatipeza ife poyamba. Amene analandira zambiri adzafunsidwa zambiri (Luka 12:48). Komabe Ambuye sadzatifunsa za mafakitale a kutsidya kwa nyanja. Adzatifunsa za neti, za mapilitsi, za chitsime ndi za mtengo zimene anaika m'manja mwathu.

Udindo ulinso ndi pakamwa. M'madera mwathu muli makomiti a zaumoyo, ndipo ndalama za chitukuko za CDF zinakwezedwa kwambiri kuyambira mu 2022, ndipo zopempha zake zimadzera ku makomiti a chitukuko a m'mawadi. Azimai a Chigwirizano alowemo ndi kufunsa mwaulemu: kodi kiliniki yathu ili ndi ng'anjo yabwino yootchera zinyalala? Kodi dzenje la zinyalala ndi lotchingidwa kuti ana asafikeko? Kodi pali mjigo, chimbudzi cha odwazika ndi magetsi a dzuwa? Anamwino athu ndi ochepa ndipo amatopa. Afuna anzao owathandiza kusenza, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kubwerera kudzayamika

Mpingo wathu unayamba ku Magwero mu 1899, ndipo mu 1908 unafika ku Nsadzu kuno ku Chadiza, kumene odwala khate anasamalidwa zaka zambiri. Mpaka lero zipatala za Nyanje ndi Kamoto zikutumikira m'dzina la Kristu. Ndife ana a mpingo umene unalalikira Uthenga Wabwino ukumanga mabala. Tikumbukire tsono akhate 10 aja a pa Luka 17. Onse anachira, koma mmodzi yekha anabwerera kudzayamika, ndipo Yesu anafunsa za 9 enawo. Kuyamika kwa wodwala sikuthera pa kuimba ndi kupereka chopereka pa Sabata. Kumaonekanso pa bedi limene wasiya, pa chimbudzi chimene wagwiritsa ntchito, ndi pa madzi amene wasiyira wobwera mawa.

Pa msonkhano wanu wotsatira, kambiranani izi ndi kusankhapo zoti muyambe nazo:

1. Aliyense asonkhanitse mankhwala akale a m'nyumba mwake, ndipo mugwirizane ndi a zaumoyo tsiku lowabweza.
2. Pokachezera odwala, onani ngati neti ili pabedi, ndipo nyamulani singano ndi ulusi.
3. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira kiliniki kuti tsiku lina mukasese ndi kukonza malo a odwazika.
4. Mvula ikayamba, bzalani mitengo ya zipatso ndi ya mthunzi pa kiliniki ndi pa tchalitchi, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mai wouthirira.
5. Alangizi aphunzitse azimai achitsikana za katayidwe ka matewera, monga Tito 2:3-5 apatsa akulu ntchito yophunzitsa ang'ono.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene munalenga mtengo, madzi ndi nzeru za madokotala, tikuyamikani chifukwa cha machiritso amene timalandira. Mutiphunzitse kulandira mphatso zanu ndi manja osamala. Dalitsani anamwino, azamba ndi onse osesa m'zipatala zathu. Chiritsani odwala, limbikitsani odwazika, ndipo mutipatse mvula pa nyengo yake. Tikupempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.